Phukusi la Pashelefu

"Dzina ndi la bambo anga, phukusi ndi ilo pashelefupo. Ndiye chavuta n'chiyani?"

"Chavuta n'chakuti eni ake atuluka," anayankha mayi wogulitsa m'sitolo ya mankhwala, uku akupukuta magalasi a kauntala. "Sopo ndikupatsa, mafuta odzola ndikupatsa. Koma mankhwala olembedwa ndi dokotala satuluka pakhomo pano ngati katswiri wa mankhwala palibe. Khala pabenchipo, mwanawe, abwera posachedwa."

"Posachedwa panupo ndi mawa!"

Mtsikanayu anzake ankamutcha Namaloto, chifukwa chimalizireni sukulu miyendo yake inkaponda pansi koma mutu uli m'mitambo. Tsiku limenelo mtima wake unali kudepoti. Mnyamata wokonza mawotchi, yemwe ankamumwetulira chaka chathunthu osanena kanthu, ankakwera basi ya masana kupita kukagwira ntchito kutali. Dzulo lake anali atamunong'oneza kuti, "Ndili ndi mawu, ndikuuza ndisanakwere." Mawu amenewo Namaloto anali atawaveka kale zovala: ankaona kanyumba ka makatani oyera, mawotchi ali ndandanda kukhoma, onse akugunda limodzi ndi mtima wake.

Anayang'ana benchi ija, yopendekeka mwendo umodzi, ndipo inamuonekera ngati ndende. Mayi uja atangowerama kuti atole chiguduli, dzanja la Namaloto linatambasuka lokha. Phukusi khwa! m'chikwama, iye ulendo, kudzera njira yachidule ya kuseri kwa msika.

Kunyumba anangoliponya patebulo. "Ababa, mankhwala anu awo!" Bambo ake anayamba kunena kuti kunabwera mlendo, koma mwanayo anali atafika kale pamsewu.

Kudepoti basi inali ikudzaza. Anasuzumira zenera lililonse, kawiri konse, koma nkhope imene ankaifuna panalibe. Ali chiimire, foni inalira. Anali katswiri wa mankhwala uja.

"Iwe mwana, phukusi lija lili kuti? Ndinalisiya dala! Pepala la dokotala lanena mapiritsi awiri, pamene bambo ako akumwa kale ena a mtima. Ndinapita kukafunsa dokotala, ndipo wavomera kuti analakwitsa. Asamwe, wamva? Thamanga!"

Makatani oyera aja anauluka ngati utsi. Namaloto anathamanga mpaka nsapato imodzi kutsala m'ngalande. Anapeza bambo ake atakhala pakhonde, kapu ya madzi pambali, mapiritsi awiri ali m'dzanja.

"Ababa, musamwe!"

"Ndimwe bwanji magalasi anga sindikuwaona?" anatero mkuluyo mosatekeseka. "Ine sindimeza chinthu ndisanawerenge. Nanga iwe, wapikisana ndi mphepo?"

Mtsikanayo anagwada, nawafumbatula mapiritsi aja. Kutali kumsewu waukulu kunamveka hutala ya basi, yaitali, ngati ikutsanzika.

Dzuwa litapendeka anabwerera kusitolo kuja, phukusi ataligwira ndi manja awiri, maso ali pansi. Katswiri uja anamukalipira pang'ono, kenaka analowa m'kati kukakonza mankhwala oyenera. Mayi wogulitsa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato lija.

"Kunabwera mlendo wako," anatero. "Bambo ako anamuuza kuti uli kuno. Fumbi lako lisanakhazikike n'komwe, iye tulukiru pakhomopo. Anakhala pabenchi unaikana ija, kuyang'ana msewu mpaka khosi kuuma. Nthawi itamuthera ananyamuka, koma wasiya aka."

Kanali kawotchi kapamkono, kakale koma kopukutidwa bwino, kakugunda pang'onopang'ono ngati kopanda kopita. Namaloto anakaika kukhutu. Misozi inatsika yokha.

"Sananene chilichonse, amayi?"

"Anati mawuwo si otumiza. Nanga iwe, chinakuthamangitsa chotere n'chiyani, mpaka kufuna kuika bambo ako m'manda?"

Chimene Namaloto anachibisa chaka chonse chinatuluka chokha.

"Ndimangofuna ndimuuze kuti apite bwino, ine ndimudikira."

Mayi uja anaseka mpaka kugwira kauntala, koma kuseka kwake kunalibe njiru.

"Iwe? Kudikira munthu zaka, pamene mphindi khumi zakukanika? Yambira pabenchipo, mwana wanga, mankhwala a bambo ako akukonzedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."