Nkhuku Zosaponda Dothi za a Mangulenje

Iwe amene umati sunamizidwa, sendera pafupi, tione ngati iyi uikane. Kalekale, pamudzi wina kuseri kwa phiri, panali bambo wina dzina lake Mangulenje, amene ankayalira nkhuku mphasa. Ukuseka? Mphasa yeniyeni, yogonapo anthu.

Nkhukuzo zinali zoyera zija za m'tauni, mabuloyila, zoti zidzadyedwe pa chinkhoswe cha mwana wake Filesi. Chakudya chake cha m'thumba, chogula kusitolo. Madzi ake owiritsa. Aliyense wodutsa ankaitanidwa.

"Bwerani mudzaone. Izi si zachikuda zanu zotolatola kudzala. Pakhomo pano ngakhale nkhuku siponda dothi."

Mawu aja anayenda, anayenda, mpaka anafika kwawo kwa mnyamata wofunsira. Kumeneko anayamba kunong'onezana: "Nyumba imene nkhuku siponda dothi, mtsikana wake khasu amalidziwa?" Nankhoma, mkazi wa Mangulenje, anazimvera kuchigayo. Anamvanso kuti azakhali a mnyamata adzabwera kudzaona okha, ndipo akapanda kukhutira, ukwati palibe. Anabwerera kunyumba ufa pamutu, mtima uli m'mwamba.

Kenako mvula inakokolola mlatho wa kusitolo, thumba n'kutha. Mangulenje anatapa chimanga m'nkhokwe, chosagaya, n'kuzithirira. Nkhuku zinameza. Zinameza. Zinamezanso. Koma nkhuku ilibe mano, ana inu, imagaya ndi timiyala ta m'nthutumba. Pamphasa timiyala zikanatitola kuti? Zinangoti zyoli, mapiko pansi.

"Bambo a Filesi, tizitsegulire zikatole panja," anatero Nankhoma.

"Nkhuku zanga? Kudothi? Pokhapokha nditafa."

"Zikafa izozo, alendo mudzawaphikira mphasayo?"

"Atilodza basi. Ndikupita kwa sing'anga."

Njinga itangokhota pakona, Nankhoma anatsegula khola. Nkhuku zinaima pakhomo, kuyang'ana udzu ngati madzi akuya. Mwamwayi panadutsa thadzi lachikuda la oyandikana nawo, likupalasa, likujompha. Yoyera imodzi inayesera, n'kugwa chagada. Inadzuka, inayesanso. Zinzake zinatsatira. Zinadya mchenga, zinadya timiyala, zinabudula chisoso ndi bonongwe. Filesi anatenga khasu n'kumazigumulira chulu kuti zipeze chiswe ndi dothi lofewa.

Tsiku lililonse bambo akachoka, khola tsegu. Asanabwere, mayi ndi mwana ankazitsuka miyendo n'kuzibwezera pamphasa. Nkhuku zinadzuka, zinanenepa, malipombo anafiira.

"Mwaona?" anatero Mangulenje. "Sing'anga uja si wamasewera."

"Ndi katswiri," anayankha Nankhoma, akubisa kansalu kopukutira.

Kutatsala tsiku limodzi, anatulukira a Nachisale, azakhali aja, mpeni uli m'chitenje. Anati abwera kudzathandiza kukonza ndiwo, koma maso ali pa Filesi. Mangulenje anawagwirira yekha nkhuku yaikulu.

"Asewere, iyi chibadwire sinalaweko dothi."

"Tamva, asewere. N'zimene tabwerera."

Anaidula, anaisosola, anaitumbula. Atang'amba nthutumba, timiyala tinati waa m'mbale, pamodzi ndi mchenga ndi masamba obiriwira. A Nachisale anatola kamodzi n'kukaonetsa kudzuwa.

"Kodi kusitolo masiku ano akugulitsanso miyala?"

Nankhoma anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana mwana wake. Wina mwa awiriwa anayenera kuchita manyazi, ndipo iye anasankha.

"Ndine ndimazitsegulira. Chulu chogumuka icho, wagumula ndi Filesi, yekha."

A Nachisale anapita kukachiona chulucho. Pobwera anagwira dzanja la Filesi, analitembenuza, analisisita. Linali lolimba ngati chikopa.

"Iwe mwana, theka lonse la chulu lija wagumula wekha?"

"Nkhukuzo zinali ndi njala, azakhali."

"Basi. Ndikauze anthu abwere mawa ndi tambala wawo."

Chinkhoswe chinachitika, nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. M'mawa mwake, anthu anaona Mangulenje ali chogwada kumunda, akuthyolera yekha chisoso nkhuku zotsala, akuzipepesa imodziimodzi.

Nthano yanga yagona pamenepa. Ukaweta chinthu, uzichifunsa chimene mimba yake ikufuna, osati chimene pakamwa pako pakufuna kudzitama nacho.

Koma poti mwamvetsera bwino, ndiulule. Zogwada ndi kupepesa zija ndawonjezera ine. Mangulenje sanapepese nkhuku kapena munthu. Mpaka lero amati miyala ija anabwera nayo a Nachisale m'chitenje.