Kapitawo wa Pakhoma

Ananu mumatchula miyambi ngati mukuloweza mayina a mitsinje pokonzekera mayeso, osafunsa kumene inachokera. Lero ndikuuzani za umodzi, ndipo ndiufotokoza mtima ukundiwawabe, chifukwa ndinalipo. Wina adzakuuzani kuti mwambi umenewu ndi wakale kuposa mafoni ndi magetsi. Musiyeni anene, iye kunalibe ku Dedza tsiku limenelo.

Mlongo wanga aNagama amakhala ku Dedza, m'munsi mwa phiri, kumene mphepo ya mu Juni imalowa mpaka m'mafupa. Patatha chaka amuna awo atamwalira, banja linagwirizana kuti mwambo wa chiliza udzakhale Loweruka loyamba la Ogasiti. Pa msonkhanowo alamu awo, a Chidzanja, anayamba kugawa ntchito ngati mwini maliro palibe. Anati mbuzi adzabweretsa okha, poti mayi wamasiye sangathe kudyetsa khamu la anthu. Mlongo wanga anakonza chitenje chake n'kunena mosakweza mawu kuti, "Ndiwo za pa chiliza cha amuna anga zichokera m'khola mwanga. Mbuzi yanuyo isungeni."

Sanalankhule zopanda mutu. Anaweta nkhuku zaka zoposa makumi awiri ndi mbaula ya makala, ndipo anapiye ankawamva ndi khutu. Ankadziwa kuti akazizidwa amaunjikana n'kumalira mokweza, akatenthedwa amathawira m'mbali mwa khoma, mapiko pansi, kukamwa kuli yasa. Anagula anapiye 60 a nkhuku zoyera zija zimakula pa milungu isanu ndi umodzi. Masiku anali owerengeka ndendende, moti gulu limeneli likanalephereka panalibenso nthawi yoyamba lina.

Apa ndi pamene panalowera Frackson, bambo a Yankho, mwamuna wa Tiyamike, mwana wamkazi wa mlongo wangayo. Frackson amagwira ntchito ya makompyuta ku Lilongwe. Ndi mwana wa mtima wabwino, zimenezo sindikana, koma ndi wa gulu lija limakhulupirira kuti chimene sichinaoneke pa foni sichinachitike. Atamva za anapiye, anatulukira Loweruka ndi katoni m'manja.

"Amalume," anatero kwa ine, "amayi asavutikenso ndi utsi wa makala. Ichi ndi themositati. Chimamva kutentha kwa m'chipinda, chimayatsa ndi kuthimitsa mahita chokha, ndipo ine ndizichiona pa foni ndili ku ofesi."

Muona kuti ankauza ine, pamene mwini anapiye anali pomwepo kuseri kwa chitseko cha khitchini. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sakhala pa mphasa imodzi, ndipo satsutsana. Zaka zisanu ndi zitatu za ukwati wa Tiyamike, awiriwa anali asanalankhulanepo mawu oposa moni. Mawu ena onse ankadzera mwa Tiyamike, ndipo popeza iye ndi namwino wosapezeka pa foni nthawi ya ntchito, mtolo umenewu unagwera ine, mphunzitsi wopuma amene anthu amaganiza kuti alibe chochita.

Anapiye anawaika m'kachipinda kakumbuyo, kokhala ndi zitseko ziwiri: china cholowera kuchokera m'nyumba, china chotulukira kuseri kumene kuli chimbudzi. Frackson anaboola khoma, anakhomapo kabokosi koyera kokhala ndi nambala zowala, n'kulumikiza mahita awiri. Kulumikiza ku wayifayi kunatidyera masana onse. Kanakana katatu, magetsi anathima, atayaka kanaiwala zonse, tinayambiranso. Ine ndinagwira tochi mpaka mkono kuuma. Pomaliza anakonza ndondomeko yake: mlungu woyamba madigiri 33, kenako kumatsika pang'onopang'ono anapiye akamamera nthenga. M'ming'alu ya zitseko anatsekamo masaka, n'kumata pepala lolemba zilembo zazikulu: OSATSEGULA. M'MAWA NDI MADZULO POKHA.

Kuchokera m'kabokosi muja munkatuluka kachingwe kokhala ndi kamutu kachitsulo. Kamutu kameneka ndi kamene kankamva kutentha, ndipo Frackson anakalendeweretsa pafupi ndi pansi, pamene pali anapiye. ANagama anasuzumira kamodzi n'kundikodola.

"Achimwene, kachingwe kaja kali pamwamba pa chomwera madzi. Anapiye amajompha chilichonse chonyezimira. Koma muwauze bwinobwino bambo a Yankho, asaone ngati ndikuwaphunzitsa ntchito."

Ine ndinapita n'kukanena bwinobwino, monga anandituma. "Akuti kachingweka kali bwino pamenepa?"

"Kali bwino kwambiri, amalume," anatero Frackson akupukuta m'manja.

Ndinabwerera kukanena kuti akuti kali bwino. Chenjezo linachoka kukhitchini lili ndi mano, linafika kwa mkamwini lili chibwano chokha, ndipo amene analigulula mano panjira ndinali ine.

Mlungu woyamba zonse zinayenda, ndipo vuto linayambira pamenepo, chifukwa tonse tinagona tulo. Mlongo wanga anakapatsa kabokosi kaja dzina loti Kapitawo, poti kankalamula anthu kali pakhoma osagwira ntchito ina iliyonse. Mbaula anaiika pamwamba pa nkhokwe. Ankalowa m'mawa kukathira chakudya ndi madzi, n'kutuluka msanga ngati wakuba m'nyumba yake yomwe.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinapita kukawaona. Pa depoti ndinagula kanyenya wa pachiwaya amene, kunena zoona, maonekedwe ake anandichenjeza, koma njala ilibe maso. Ndinafika cha m'ma leveni koloko, dzuwa litawala bwino, mphepo itadekha. Ndisanakhale n'komwe pansi, foni yanga inalira.

"Amalume, muli kunyumbako? Foni ikuonetsa madigiri 18. Anapiye akuzizidwa. Wina watsegula chitseko kapena?"

Ndinafunsa mlongo wanga. Anati sanatsegule chiyambire m'mawa.

"Ndiye ndayatsa mahita onse mpaka kumapeto," anatero Frackson. "Chonde pasapezeke wotsegula. Kamphepo kakangolowa tawataya."

ANagama anazungulira kuseri n'kukasuzumira pa kawindo. Anabwera nkhope itasintha. Anapiye onse anali atathawira m'mbali mwa khoma, mapiko pansi, kukamwa kuli yasa. Munthu woweta nkhuku zaka makumi awiri sanafunikire wina womuuza tanthauzo lake.

"Achimwene, anapiye aja akupsa."

"Ndiye tsegulani."

"Nditsegule bwanji eni ake atangoletsa kumene? Chinthu anagula ndi iwo, anachoka ku Lilongwe kudzatikhomera. Mawa amve kuti apongozi anyoza? Aimbireni. Koma musanene kuti alakwitsa. Munene kuti mwina mwafundako pang'ono."

Ndinaimba, ndipo ndinanena kuti akuti mwina mwafundako pang'ono.

Frackson anaseka mwaulemu. "Amalume, munthu akachoka panja pozizira, paliponse amamva kufunda. Chipangizochi sichinama. Panopa chikuti 17, chatsikanso. Ndikulowa mu msonkhano, ndiimbanso ikamakwana wani."

Tsono apa ndidziulule. Ine ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndipo nambala ndimaipatsa ulemu kuposa anthu ena. Ndinauza mlongo wanga kuti 17 ndi 17, adekhe. Taganizani, akuluakulu awiri a imvi, wina waona ndi maso ake, wina wamva kwa amene waona, tonse tinakhala pansi kudikira munthu amene anali mu msonkhano ku Lilongwe kuti atiuze ngati m'chipinda chathu mukutentha. Ndikakumbukira ndimafuna kudzimenya khofi.

Tiyamike tinamuimbira kanayi, foni inali yothimitsa. Kenako kunafika amayi a kumpingo asanu ndi awiri kudzakambirana za nyimbo ndi zophika za pa chiliza. Anayala mphasa pakhonde, pakhomo penipeni, natambasula miyendo. ANagama anakhala nawo, koma khutu lawo linali kumbuyo kwa nyumba. Ine ndinali pabalaza ndipo ndinkamva kulira kwa anapiye kukuchepa. Pofika hafu thwelofu kunali zii.

Nthawi imeneyo ndi imene kanyenya uja anakumbuka kuti ali ndi mlandu ndi ine. M'mimba munapota kamodzi, ndinalimba mtima. Munapota kachiwiri, thukuta linatuluka pamphumi. Ndinayang'ana khomo lakumaso: miyendo khumi ndi inayi ya amayi a mpingo, ndipo aliyense wa iwo akanafuna moni wake, ndi kufunsa za ana ndi za kumudzi. Bambo wa msinkhu wanga sadumpha miyendo ya azimayi akuthamanga atagwira lamba. Njira ina inali imodzi yokha, yodzera kwa anapiye.

Pepala lija ndinaliona, ndipo kuwerenga ndimatha. Sindinaimbire munthu foni. Ndinakankha chitseko choyamba, mpweya wotentha unandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni wa mabanzi. Ndinadumpha, ndinazula masaka a chitseko chachiwiri, n'kuchisiya chili pululu. Ndili m'chimbudzi ndinakuwa kuti, "Achemwali, thimitsani mahita!"

Nditabwerako ndinapeza mlongo wanga atazula mapulagi onse, atagwada pa utuchi. Amayi aja anali kutola anapiye mmodzimmodzi, kuwanyowetsa milomo ndi kuwaika pamthunzi. Ena anadzuka n'kuyamba kuyenda mwa dzandidzandi. Ambiri sanadzuke. ANagama anapisa dzanja m'chomwera madzi n'kutulutsa kachingwe kaja. Anapiye anali atakajompha mpaka kugwera m'madzi ozizira, ndipo kuyambira m'mawa Kapitawo ankauza Lilongwe kuzizira kwa madzi, osati kwa chipinda. Anapiye 38 anafa, anatsala 22.

Wani koloko itakwana foni inalira. Ndinati ndiyankhe, koma mlongo wanga anatambasula dzanja. Amayi a mpingo anayang'anana.

"Bambo a Yankho, ndine apongozi anu," anatero, mawu ali phee. "Kachingwe kanu kanagwera m'madzi. Anapiye apsa, atsala 22. Sindikukuimbani mlandu, inu munaona zimene foni inakuonetsani. Ine ndinaona anapiye, ndipo ndinakhala chete. Loweruka mubwere mudzandiphunzitse kabokosi aka, ineyo, osati achimwene. Kukweza ndi kutsitsa ndizichita ndekha ndili pompano."

Kumbali inayo ndinamva kamawu kakang'ono kakuti, "Pepani amayi. Ndibwera."

Anabweradi. Anakhala pa mpando, mpongozi wake pa mphasa, aliyense akuyang'ana kabokosi m'malo moyang'ana mnzake, ndipo pa ola limodzi aNagama anali atadziwa zonse: batani lokweza, lotsitsa, ndi lothimitsa ndondomeko kuti munthu alamule yekha. Kachingwe anakamangirira okha pa msomali, kutali ndi madzi. Pepala lija analichotsa n'kuyatsira mbaula, imene inatsika pa nkhokwe kuti izidikira tsiku lothima magetsi. Kapitawo alipobe mpaka lero ndipo amagwira ntchito yabwino, poti tsopano ali ndi bwana amene amalowa m'chipindamo.

Koma nkhuku 22 sizidyetsa anthu a midzi itatu. Mlungu wa chiliza utayandikira, mlongo wanga anavala nsalu yake yabwino n'kuyenda wapansi kupita kwa a Chidzanja kukapempha mbuzi ija anaikana pamaso pa anthu. Ndinawaperekeza. A Chidzanja anapereka, koma anayamba afunsa kawiri, mokweza kuti akazi awo amve, ngati m'khola muja mwatha. Mlongo wanga anayankha kawiri konse kuti inde. Pa moyo wanga sindinawaonepo atachepa ngati tsiku limenelo, ndipo zinandiwawa kuposa anapiye.

Pobwerera, mbuzi ili pachingwe, tinayenda mtunda wautali. Kenako mlongo wanga anaima n'kundiyang'ana.

"Achimwene, tsiku lija pepala munaliona?"

"Ndinaliona."

"Bwanji simunaimbe ku Lilongwe kupempha chilolezo?"

"Achemwali, zinthu zinali zitafika pena."

"Kwa inenso zinali zitafika pena," anatero. "Anapiye anali anga, lonjezo linali langa, amuna anali anga. Ndinamva kupota kuyambira leveni koloko, koma ndinakhala pamphasa kudikira wina adzanditsegulire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Amayi a mpingo anawatola mawu amenewa, chifukwa nkhani ya ine ndi kanyenya inali itafika kale ku msika, ndipo anafalikira mpaka kufika m'mabuku anuwo.

Tanthauzo lake ndi ili. Vuto likakhala lako, woyamba kudzuka ukhale iwe. Amene ali kutali akhoza kukukonda, akhoza kukhala wophunzira kukuposa, akhoza kukugulira chipangizo chabwino, koma kupotako sakukumva. Ulemu ndi chinthu chabwino ndipo muziusunga, koma ulemu umene umakutseka pakamwa chako chikupsa, mapeto ake umakakugwaditsa pakhomo pa munthu amene unamukana. Ukadwala nena, ukapanda kumva m'kalasi kweza dzanja, ukaona cholakwika pa chinthu chako chitchule ndi dzina lake, osati kuti mwina mwafundako pang'ono. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine amene ndikukuuzani ndinatsegula ziwiri.