Mendulo pa Jekete la Akulu Ake

Panali msilikali wina amene anapita kunkhondo ya kudziko lakutali. Tsiku lina adani anawabisalira panjira, gulu lonse n'kubalalika. Iye atafika pabwino, anamva mnzake akulira kumbuyo, mwendo utaphwanyika. Anabwerera. Anamubereka mtunda wautali zipolopolo zikulira. Bomba linaphulika pafupi, linamugonthetsa makutu n'kumusiya manja akunjenjemera. Koma mnzakeyo anamufikitsa wamoyo. Boma linamupatsa mendulo, iye n'kubwerera kwawo.

Tsono apa ndi pamene pamandiwawa ine. Kwawoko kunali akulu ake, munthu wa jekete ndi pakamwa pokoma. Iwo anati, "Mng'ono wanga, ndi manja akowa utaya chinthu cha boma. Bwera nacho ndikusungire."

Kusunga kwake kunali pachifuwa, amayi! Ku ukwati, mendulo. Kumaliro, mendulo. Ngakhale kokagula feteleza, mendulo ili waliwali. Akafunsidwa ankati, "Ndikuimirira banja." Ndipo anthu, akudziwa bwinobwino, ankawapatsa mpando wakutsogolo. Mwini wake ankamukhazika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la mbuzi. Ati amalankhula mokuwa. Ati amataya tiyi pamaso pa alendo. Chakudya ankamupititsira konko ngati wodwala nthenda yopatsirana.

Patapita zaka zinayi, kunabwera uthenga woti mnzake uja akubwera kudzathokoza. Akuluwo anabwereka mipando kutchalitchi. Nkhuku ziwiri zinafa, jekete linasitidwa. Mlendo anafika ndi mwendo umodzi, akuyenda ndi ndodo ziwiri. Akuluwo anaimirira n'kulankhula mpaka nkhuku zija kuzizira: mmene "ife" tinabwererera, mmene "ife" sitinaopere. Ife ndani? Munthu woti nkhukundembo inamukwezapo pankhokwe mudzi wonse ukuona!

Mlendo anadikira mpaka atamaliza. Kenaka anati, "Zikomo, bambo. Nanga mwini wake ali kuti?"

"Sakupeza bwino masiku ano. Mawu onse mukhoza kusiya kwa ine."

"Ayi, ine ndabwera kudzaona munthu," anatero mlendo. Anatola ndodo zake n'kuyamba kuzungulira nyumba, anthu akumutsatira.

Kuseriko kunali matope a madzi otsukira mbale. Ndodo imodzi inaterereka, munthu khu! pansi. Akuluwo anangoti chilili. Ayang'ane matope, ayang'ane jekete. Enawo ankangoti "pepani, pepani" ali patali, ngati pepani amadzutsa munthu.

Msilikali uja sanamve kugwako, koma anaona. Anadzuka pamtondo pamene anakhala. Anagwada m'matopemo n'kupereka msana, mnzakeyo n'kukoleka manja m'khosi mwake. Anamubereka kudutsa pakati pa anthu onse mpaka pampando wakutsogolo. Manja aja otaya tiyi sanamugwetse.

"Msana wake ndi womwe uja," anatero mlendo, misozi ili mbwembwembwe.

Msilikali anayankha mokuwa, monga mwa masiku onse, "Koma iwe, wanenepatu!"

Anthu ankangoyang'ana pachifuwa pa akuluwo. Iwo anayamba kumasula phini, ndipo tsopano wonjenjemera anali iwowo, mpaka anadzibaya chala. Mendulo inabwerera kwa mwini wake, pamalaya a matope omwewo. Tsiku limenelo msilikali anadyera kutsogolo. Tiyi anatayadi, mlendo n'kumuthirira wina.

Mwaseka, eti? Musaseke akuluwo okha, amayi anzanga. Nanga mpando uja ankawapatsa ndani zaka zonse zinayi? Lero mukafika kunyumba, musanavule n'komwe nsapato, zungulirani kuseri. Muone amene munamukhazika kumeneko poti amakuchititsani manyazi, inu mukuyenda ndi ulemu umene anavutikira iyeyo. Mugwireni dzanja mubwere naye kutsogolo, mlendo asanagwe m'matope mwanu.