Uthenga Wopanda Polekezera

Mu mzinda wina munali bambo wokonza masamba a pa intaneti. Pa ntchito imeneyi pali kalembedwe kouza kompyuta kuti ichite chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Koma ukailamula choncho umayenera kuiuzanso polekezera, apo ayi imangopitirira ngati mpopi wothyoka.

Tsiku lina bamboyo anayambana ndi mkazi wake. Mayiyo anabereka khanda kumbuyo n'kupita kwawo ku Ntcheu. Mwana wamkulu, mtsikana wa sitandade 2, anamusiya kuti amalize kaye teremu. Bambo uja anakhala pa kompyuta mtima ukuwira, n'kulemba lamulo loti tsamba lake lizitumiza uthenga pa foni ya mkaziyo. Mawu ake amodzi okha: "Pepesa." Ikatha mphindi, "Pepesa."

Mnzake wa kuntchito anasuzumira n'kufunsa, "Achimwene, nanga ileka liti? Ikani kakhumi basi."

Iye anati, "Ileka akapepesa."

Kumudzi kuja foni inalira kumunda, inalira pachitsime, inalira khanda lili pabere. Batire linkatha dzuwa lisanafike pamutu, kotchajitsa kuli kutali. Tsiku lachitatu mayiyo anazula simu n'kuiponya m'chimbudzi.

Sabata yotsatira mtsikana uja anadwala malungo. Pofika naye kuchipatala n'kuti atayamba kukomoka, akatsitsimuka n'kumangoti, "Amayi." Bamboyo anaimba foni, sikupezeka. Anaimbanso, sikupezeka. Nambala ya apongozi analibe, poti sankayankhulana nawo. Anatuma munthu pa minibasi, koma mayiyo pofika anapeza mwana ataphimbidwa kale nsalu.

Anafunsa mwamuna wake funso limodzi lokha: "Anandiitana?"



Amayi anzanga, kompyuta ija sinalakwe, inachita zomwe inauzidwa. Mkwiyo wonena kuti "ndileka iye akayamba" ndi womwewo. Sutopa, sugona, ndipo njira imene ukuitseka lero ndi yomwe udzaifune mawa mwana atatentha thupi. Ena muno simupatsana moni ndi alamu anu chaka chachitatu chino, aliyense akudikira mnzake. Mulungu akanadikira kuti ife tiyambe kupepesa, bwenzi akudikirabe. Anayamba ndi Iye. Polekezera mkwiyo wanu musamusiyire amene mwamukwiyira. Ikani nokha, lero, onse akadali moyo.