Seva Yakale Yosapereka Moni

Sumani Ajasi anafika kwa Shehe Swaleyi ku Namwera swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, itangotha, laputopu ili kumsana, akuyenda ngati munthu wodzatenga chigamulo chimene wagamula kale yekha panjira. Linali tsiku loyang'ana mwezi wa Ramadani. Shehe anali pakhonde, akusoka mkeka wa mumzikiti umene unayamba kumasuka m'mphepete.

Anapatsana salamu, moni wa Chisilamu. Shehe anasendera kuti mlendo akhale pamthunzi, iwo n'kutsala padzuwa.

Sumani ameneyu anaphunzira madrasa pakhonde lomwelo ali mwana, kenako anapita ku Blantyre n'kubwerako katswiri wa makompyuta. Nzeru anali nazo, tisamunamizire. Koma anali ndi kamatenda kamene kamakonda kugwira anthu anzeru: akangonena kuti lamulo likuti chakuti, ngakhale mumugwadire, sasuntha.

"Shehe, ndabwera ndi nkhani ya kuntchito," anatero Sumani. "Si ya chipembedzo kwenikweni, koma ndikudziwa kuti mundimvetsa, poti ndinu munthu wa malamulo."

"Malamulo ali ndi Mwini wake, Che Sumani. Ine ndimangowerenga. Fotokozani."

Sumani anafotokoza. Pachipatala china cha kufupi, zithunzi za ekisireyi zimasungidwa m'kompyuta yaikulu yotchedwa seva. Dokotala akafuna chithunzi, pulogalamu ya pakompyuta yake imakachipempha kumeneko kudzera pa netiweki. Pulogalamuyo anaiika ndi Sumani mlungu womwewo, ndipo ili ndi maswichi ounikira zimene zikuchokera ku seva. Swichi ina imaona ngati chithunzi chimene chabwera ndi cha munthu amene wapemphedwayo. Ina imaona ngati chabwera chathunthu. Ina imaona ngati seva yayamba ndi kudzitchula n'kunena zimene imatha kuchita, monga malamulo a masiku ano amafunira. Sumani anayatsa maswichi onse.

"Ndiye seva ya pamenepo ndi yakale, Shehe. Siyamba ndi moni woyenera. Pulogalamu yanga ikaona choncho imakana kulankhula nayo, ndipo ikuchita bwino kukana."

"Nanga zithunzi?"

"Zili momwemo. Sizikutuluka."

"Alipo amene akudikira?"

Apa Sumani anayang'ana pansi pang'ono. Analipo. Abiti Saizi, mayi wachikulire, anagwa pachitsime n'kuvulala m'chiuno. Anawajambula, koma chithunzi chinatsekeredwa mu seva, ndipo kuwajambulanso sikukanathandiza poti makina ojambulira amatumiza komweko. Galimoto yopita kuchipatala chachikulu inali yonyamuka m'mawa mwake, ndipo dokotala sakanadziwa ngati mayiwo ndi ofunika kuwatumiza asanaone fupa.

"Dokotala akuti ndizimitse maswichi onse, pulogalamu izingolandira chilichonse," anapitiriza Sumani, mawu akukwera. "Ndakana. Ndikatero, tsiku lina adzaona chithunzi cha munthu wina, kapena choduka pakati, n'kung'amba mwendo wabwinobwino. Ndawauza kuti agule seva yatsopano. Ine ntchito yachinyengo sindigwira. Si momwe munatiphunzitsira, Shehe?"

Shehe anadula ulusi ndi mano, napinda mkeka uja.

"Mantha anu ndi omveka. Koma dzuwa lapendeka, ndipo lero ndili ndi ntchito. Khalani tiswali Magharibi limodzi, ndikuyankhani pambuyo pake."

Sumani sanakondwe. Mumtima ankangoti, kunena kuti "mwakhoza" kumafunanso kudikira dzuwa lilowe? Koma kwa mphunzitsi wako suchoka chonchi, choncho anakhala.

Swala itatha, anthu anaima pabwalo la mzikiti maso ali kumadzulo. Mtambo unali utakuta phiri, ndipo palibe anaona kanthu. Shehe anabwerera pakhonde kukadikira amene angabwere ndi uthenga kuchokera kwina.

Woyamba kufika anali Mwalimu Idrisa, wophunzitsa madrasa m'mudzi woyandikana nawo, munthu amene Shehe ankamukonda. Nsapato anavulira patali. Anapereka salamu yonse mpaka kumapeto kwake, nafunsa za moyo wa Shehe, za amayi kunyumba, ngakhale za bondo limene linkawavuta. Sumani anagwedeza mutu mokhutira, kuti eya, munthu ndi ameneyu.

"Shehe, ndabwera ndi nkhani yabwino," anatero Mwalimu. "Mwezi waoneka."

"Alhamdulillah. Mwauona ndi maso anu, Mwalimu?"

"Ayi, Shehe. Andiimbira alamu anga."

"Iwowo auona?"

"Akuti auzidwa ndi mnzawo wa kumsika."

"Mnzawoyo anaima pati, ndipo mwezi unali mbali iti?"

Mwalimu anakanda kumutu. "Zimenezo sindinafunse, Shehe."

"Allah akulipireni pothamanga. Khalani apa pafupi ndi ine."

Anamupatsa malo abwino ndithu, koma foni ya Shehe inakhalabe m'thumba.

Posakhalitsa kunamveka njinga ikugwetsedwa pageti. Anali Che Mkwanda, dalaivala wa malole wopuma ntchito, amene Namwera yense ankamudziwa ndi zinthu ziwiri: pakamwa pake ndi paukali, koma bodza silitulukapo. Salamu sanapereke. Nsapato zinali kuphazi mpaka pakhonde.

"Mwangokhala apa? Mwezi watuluka uko, inu mukudikira chiyani?"

Sumani anapsa mtima. Akanakhala iye, akanamubweza mkuluyu pageti kuti akayambirenso kulowa.

Shehe anafunsa ndi mawu ofatsa omwe aja. "Mwauona ndi maso anu, Che Mkwanda?"

"Ndi anga omwewa. Nanga ndikanabwereka a yani?"

"Munali pati?"

"Kumtunda kwa munda wanga, kuseri kwa phiri. Mtambo wanuwu kumeneko sunafike."

"Unali mbali iti?"

"Kumene dzuwa lalowera, pamwamba pake pang'ono. Wowonda ngati chikhadabo chowenga, nyanga zili m'mwamba. Sunakhalitsenso."

"Muchitira umboni pamaso pa Allah ndi anthu awa?"

Pamenepo Che Mkwanda anatsitsa mawu. Anavula nsapato, naima bwinobwino, n'kuchitira umboni. Shehe anatulutsa foni ija m'thumba n'kuimbira akuluakulu olengeza za mwezi.

Anthu atabalalika kukakonzekera, Sumani anasendera pafupi. Ulemu anali nawo, koma kukwiya kunali kusanathe.

"Shehe, mundikhululukire. Munthu uja sanakupatseni ngakhale salamu, inu mwalandira mawu ake. Amene anabwera mwaulemu mwangomukhazika pansi."

"Salamu ndi yofunika, Che Sumani, ndipo mawa ndikawakumbutsa Che Mkwanda, monga ndimachitira nthawi zonse. Koma ndikanawabweza pageti, anthu onse aja akanadzuka mawa n'kumwa tiyi pa tsiku loyamba la Ramadani. Ndipo ndikanati ndizilandira aliyense wofika pakhonde pano, ndikanasalitsa mudzi wonse ndi nkhani ya kumsika. Paja amati safunsa anadya phula. Che Mkwanda ndangowakhululukira pa moni. Mafunso aja sindinachotsepo ngakhale limodzi."



"Za makina mukudziwa ndinu, ine sindidziwa," anatero Shehe. "Koma ngati ndinamva bwino, munati maswichi aja ndi angapo, ndipo swichi iliyonse ili ndi ntchito yake."

"Inde, Shehe."

"Ya moni ija singazimitsidwe yokha, zinazo n'kutsala zoyaka?"

Ikanatha. Sumani ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku limene anaika pulogalamuyo. Kungoti dokotala atanena kuti zimitsani zonse, iye anayankha kuti sindizimitsa ngakhale imodzi, ndipo kuyambira pamenepo nkhani inasanduka ya kuti wolondola ndani. Anachita manyazi kwambiri, moti laputopu imene inali pamiyendo pake anaiyang'ana ngati si yake.

"Ingazimitsidwe, Shehe," anayankha motsitsa. "Koma seva ija ndi yolakwabe."

Shehe anaimirira, bondo lija likuwavuta, n'kumunyamulira chikwama mlendo wawo mpaka pageti.

"Yolakwa ndithu, ndipo muwauzebe agule ina. Dokotala akufuna kuti musamafunse kanthu, inu mukufuna kuti musamamve kanthu, ndipo nonse awiri mukuthawa ntchito imodzi, yosiyanitsa chofunika ndi chosafunika. Pitani kusanade kwambiri. Seva yakaleyo mukaikhululukire pa moni, koma mukaifunse ngati chithunzicho ndi cha mwini wake, komanso ngati chafika chonse. Amene sanakupatseni moni ndi makina, Che Sumani. Koma amene mukuwalanga ndi Abiti Saizi."