Mpeni Wokana Kudula Polakwika

Panali mphunzitsi wina wa masamu, mayi, pa sukulu ina yapulayimale cha ku Mchinji. Sukuluyo italandira matabuleti, timakompyuta ta m'manja tija, ntchito yokonza mayeso oti ana aziyankha ndi chala pagalasi inagwera iye, poti za makompyuta ankazitha.

Anakonza mayeso a kugawa chinthu m'magawo ofanana. Pagalasi pankaoneka nzimbe yaitali, pambali pake mpeni. Mwana ankakoka mpeniwo ndi chala n'kudula nzimbeyo pawiri, patatu kapena panayi, monga funso lanenera.

Tsiku loyamba zinavuta. Ana ankadula mwachisawawa, chidutswa china chachitali, china ngati chala chamkombaphala, ndipo ena analira. Mayiyu anali wachifundo, chifundo chija chosapirira msozi wa mwana. Anakhala pansi n'kusintha mayesowo. Tsopano mpeni ukafika polakwika unkangotsetsereka, ukafika polondola unkakakamira wokha n'kudula.

Kuyambira pamenepo palibe analakwanso. Kalasi yonse inkakhoza, ndi aja ogona m'kalasi omwe. A hedi anamuyamikira pamaso pa makolo, ndipo iye ankayenda mapewa ali m'mwamba.

Tsiku lina anabwera ndi nzimbe zenizeni kuti ana asangalale. Anapereka imodzi pamodzi ndi mpeni kwa mtsikana wina dzina lake Mwandida, amene nthawi zonse ankamaliza mayeso anzake onse asanamalize.

"Tagawa patatu, iwe ndi anzako awiriwa," anatero mphunzitsi.

Mwandida anaika mpeni kutsinde kwa nzimbe, nayamba kuuyendetsa pang'onopang'ono mpaka kunsonga. Anabwereranso nawo kutsinde. Sanadule.

"Ukuchita chiyani, mwanawe?"

"Ndikudikira mpeniwu ugwire wokha, madamu."

Ana anaseka, koma mphunzitsi sanaseke. Mtima unamuwawa. Anaona kuti ana amene chaka chamawa akwera kalasi sakudziwa kugawa chinthu patatu. Chimene anawo anaphunzira n'kukoka chala mpaka mpeni uime.

Apa anali ndi njira ziwiri. Akanatha kungokhala chete, mbiri yake n'kukhalabe yabwino, ana n'kupita m'tsogolo mitu ili mbee. Kapena akanatha kumasula mpeni uja, kulephera kwa ana ake n'kuonekera poyera.

Anaumasula. Anakonza kuti mpeni uzidula paliponse pamene chala chaima. Zidutswa zizigona mondondozana, mwana aziona yekha kuti china chapitirira chinzake. Tabuleti izisunganso pamene mwana anadula koyamba, kuti mphunzitsi adziwe amene wasokonezeka ndi pamene wasokonezekera. Ndipo aliyense wolakwa azipatsidwa nzimbe ina pagalasipo, ayambirenso.

Sabata imeneyo ana ambiri analephera. A hedi anabwera m'kalasi nkhope ili yakugwa.

"Madamu, makinawa mwawaononga bwanji?"

"Sindinawaononge, a hedi. Poyamba paja ndinkayesa mpeni. Tsopano ndikuyesa ana."

Mwandida nayenso analephera, ndipo analira kwambiri. Mphunzitsi anakhala naye pansi pasimenti, nayang'ana limodzi zidutswa zosiyana zija, namupatsa nzimbe ina. Teremu isanathe, mtsikanayo anali ataphunzira kuimika chala kaye, kuyeza ndi maso, kenako n'kudula.

Abale ndi alongo anga, ambirife timapemphera pemphero la mpeni wokakamira. Timati, "Ambuye, nditsekereni njira zonse zoipa. Ndikafuna kunama, lilime liume. Ndikafuna kubwezera, dzanja lifooke." Ndipo tikagwa timamudandaula Mulungu kuti sanatigwire bwanji.

Mulungu akanatha kutilenga choncho, ndipo tonse tikanakhoza. Koma wokhozayo akanakhala mpeni, osati ife. Iye amasiya mpeni uli womasuka m'manja mwathu, osati chifukwa chosatikonda, koma kuti zimene zili mumtima zionekere. Chilonda chobisika sichilandira mankhwala. Ukadula polakwika, sakutulutsa m'kalasi. Amakhala nawe pansi, amakuonetsa zidutswa zako, n'kukupatsa nzimbe ina.

Tsono iwe amene sabata yathayi wadula polakwika, usabise zidutswazo. Bwera nazo kwa Iye. Ndipo iwe amene ukungoyendetsa mpeni uku ndi uku, kudikira kuti chilungamo chichitike chokha pa moyo wako, leka kudikira. Mpeniwo sugwira wokha. Wodula ndiwe.