Phunziro Lachinayi

Panali munthu wina, abale anga, amene ntchito yake inali yoitanira minibasi pa depoti. Pakamwa pake panali pakuthwa. Ankatha kukweza munthu wopita ku Ntcheu m'galimoto ya ku Salima, munthuyo n'kuthokozanso.

M'tauni yomweyo munali kalabu yophunzitsana kulankhula pagulu. Ankakumana Loweruka masana m'kalasi ina ya pulayimale, akuluakulu atapanikizika m'madesiki a ana. Aliyense wolowa ankapatsidwa kabuku ka maphunziro khumi. Lamulo linali limodzi: osadumpha tsamba. Ukalankhula, mnzako wokuyesa asayine pansi pake, ndiye upite patsogolo.

Woitanira uja analowa kuti akaonetse luso. Kabuku anakaika m'thumba lakumbuyo n'kumakakhalira. Analowanso telala wina wachibwibwi, amene ankasoka pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Iyeyu kabuku kake anakakutira ndi kansalu. Kalabu inasankha woitanira kuti akhale womuyesa telalayo.

Phunziro lachinayi linkati: pitani kwa munthu wachikulire, mukamumvetsere, kenako mudzatiuze za moyo wake kwa mphindi zisanu.

Telala anaimirira n'kuyamba kunena za mayi wina wogulitsa nthochi pafupi ndi makina ake. Dzina sanatchule. Woitanira sanamve kanthu. Anali kalikiliki kulemba timizere papepala, kamzere kamodzi pa chibwibwi chilichonse. Pomaliza anati, "Makumi atatu ndi kamodzi, achimwene. Nthochizo zapsa mpaka kuola inu musanamalize kuzitchula. Sindisayina."

Ena anaseka. Telala anangoti, "Zi-zikomo. Ndikakonza."

Loweruka lina anaimanso, woitanira anakananso. Kanayi konse. Sikuti sizinali bwino ayi. Ankangofuna zokaseketsa anzake ku depoti, komwe ankamuyerekeza telalayo madalaivala mpaka kugwira m'mimba. Koma nthawi iliyonse akakanidwa, telala ankakakhala pansi pafupi ndi dengu la nthochi lija, n'kumafunsa, n'kumamvetsera, monga kabuku kananenera.

Kenako mayi ake a woitanira anamwalira.

Tsiku loika maliro, wotsogolera mwambo anati, "Tsopano timve mbiri ya malemu kuchokera kwa mwana wawo." Anthu ananong'onezana kuti lero timva, uyu ndi mwini pakamwa. Iye anaima pafupi ndi bokosi. Anatsegula pakamwa. Anapeza kuti chaka chimene mayi ake anabadwa sakuchidziwa. Mudzi umene anakulira sakuudziwa. Zaka zonsezo iye ankangolankhula, osawafunsa kanthu. M'kamwa munali mawu oitanira okwera okhaokha. Amalume ake anaweramitsa mutu. Mayi aja anali pafupi kutsikira m'manda popanda wowanenera liwu.

Pamenepo telala anadzuka kumbuyo, nadutsa pakati pa anthu chowerama, n'kudzaima pambali pake.

"Pe-pepani nonse. Mnzangayu misozi yamutseka pakhosi. Ndi-ndilankhula m'malo mwake."

Anati malemuwo, Anagama, anabadwa chaka chimene mtsinje wa kwawo unakokolola mlatho. Anati anaika m'manda ana atatu, wachinayi yekha ndiye anatsala. Mwanayo anafika zaka zinayi asanalankhule. Mayi ankamubereka m'mawa uliwonse popita kumsika, n'kumamutchulira chilichonse cha m'njira: mtengo, mbuzi, njinga. Mpaka tsiku lina mwana uja anayankha. Anatinso mayiwo akamva mawu a mwana wawo akuitanira ku depoti, ankasiya kugulitsa n'kuuza oyandikana nawo kuti, "Tamverani. Pakamwa paja ndinapatsegula ndine."

Chibwibwi chinalipo. Palibe anachiwerenga. Ngakhale makanda kumbuyo kwa amayi awo anakhala duu. Mphindi zisanu zitakwana, telala anathokoza, n'kubwerera kukakhala.

Apo woitanira anazindikira kuti mawu amenewa anali atanenedwa kale pamaso pake kanayi. Mayi wa nthochi uja anali mayi ake. Iye anali akulemba timizere.

Abale anga, munthu ameneyo ndine. Sukulu sindinapite nayo patali, koma izi sindinganamizire sukulu. Ndinazunza munthu amene sanandilakwire. Mpaka lero thupi limandichita tsembwe ndikaganiza kuti kukana kwanga kuja, kumene ndinachita mwankhanza, ndi kumene kunamubweza kanayi kwa mayi anga, kukatola mawu amene tinawaika nawo m'manda. Zotere amatha ndi Mulungu yekha. Koma ine sizindichotsera mlandu.

Nditabwerera ku kalabu ndinasayina tsamba la telala uja. Ndinatulutsa kabuku kanga, ndinakawongola pabondo, ndinatsegula tsamba loyamba. Ndinamupempha kuti akhale wondiyesa. Anangoti, "Ti-tiyeni, achimwene." Pa phunziro lachinayi ndinakafunsa amalume. Amene ndikanafuna kuwafunsa kulibe.

Inu amene mwalandira kabuku lero, musadumphe tsamba chifukwa choti pakamwa panu m'pakuthwa. Mnzanu akaima kutsogolo kuno, mverani zimene akunena. Ndipo phunziro lachinayi lija musalidikire kuti lifike. Pitani akadali moyo.